Mayi Imanikaye, Amene Anaimitsa Makina

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Meyi 1951, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Sukulu anailekeza m'kalasi lachisanu ndi chitatu bambo athu atamwalira, ndipo anakaphunzira kusoka kwa telala wina pakhonde la sitolo.

Mu 1972 analembedwa ntchito pafakitale yosoka mayunifolomu. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi alamu athu, amene ankakonza makina pomwepo. Alamu ankakonda kusimba kuti makina a malemu okha ndi amene ankavuta tsiku ndi tsiku, mpaka anadzazindikira kuti vuto silinali makina.

M'chipinda chosokeramo munali amayi oposa zana. Mazenera anali okhomedwa ndi misomali, mipando yopanda chotsamira, ndipo kupita kuchimbudzi kunkalira chilolezo cha kapitawo. Mu 1981 mnzawo wina woyembekezera anakomoka ali pamakina. Kapitawo atalamula kuti ntchito ipitirire, malemu anaimirira n'kunena kuti, "Imani kaye. Apa pagwa munthu, si ulusi." Makina onse anakhala chete. Dzina loti Mayi Imanikaye linayambira pamenepo, ndipo anzawo anawasankha kuti aziwaimira m'bungwe la anthu apantchito.

Zaka zimenezo ankazikumbukira akumwetulira mpaka ukalamba wawo. Misonkhano ankachitira pansi pa masitepe nthawi yopuma masana, aliyense chakudya chili pamwendo. Bungwe linazulitsa misomali ija, linabweretsa mipando yokhala ndi chotsamira, ndiponso tchuthi cha amayi obereka. Loweruka lililonse kunyumba kwawo kunkadzaza amayi, moti alamu ankadyera panja ngati mlendo.

Koma ndikabisa zowawa ndiwalakwira. Mu 1994 kunachitika sitalaka ya masabata atatu. Atsogoleri a bungwe analowa m'chipinda ndi mabwana, natseka chitseko, ndipo anavomera kuti anthu asanu ndi awiri achotsedwe ntchito kuti enawo abwerere. Dzina la malemu linali loyamba. Amene anasaina anali wapampando wa bungwe, munthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Malemu nkhaniyi anaimva kwa mlonda pageti. Anafika kunyumba atanyamula lumo ndi kapu yawo, ndipo kwa zaka zambiri njira yodutsa kufakitale ankailambalala.

Anayamba kusoka pakhonde pawo, ndipo ana onse anaphunzira sukulu ndi singano imeneyo. Mu 2008 kunabwera atsikana atatu a kufakitale kuja kudzafunsa nzeru. Tinkayesa awabweza. Anawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Bungwe musalisiye, ana anga. Koma akuluakulu akamakasaina, mmodzi wa inu azikhala m'chipindamo."

Alamu anatisiya mu 2015. Malemu anayamba kuvutika ndi mtima mu 2021, ndipo pa 3 Okutobala chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Tsiku lachinayi kunabwera wapampando uja, tsopano akuyendera ndodo, naima pakhomo la wodi osalimba mtima kulowa. Malemu anandituma kuti ndikawaitane ndi kuwapatsa mpando. Anakhala ola lathunthu. Zimene anakambirana sitikuzidziwa, koma tinamva onse awiri akuseka. Malemu anamwalira m'mawa wa pa 11 Okutobala, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu ziwiri.

Asiya ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza anamwino, anansi amene ankasinthana kudwazika, ndi amayi a kufakitale amene asoka nsalu yakuta bokosiyi. Inu a wapampando, ndakuonani mwaima kumbuyoko. Bwerani mukhale pamodzi ndi abale. Si mawu anga, malemu anasiya atanena okha.

Achemwali, ntchito mwaigwira. Mzimu wanu uuse mumtendere.