Kufika Anzanga Atamaliza Kale

Pa siteji ya Nathenje, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mayi wonyamula mabuku podikira minibasi.

"Loweruka lomwe kusukulu, amayi?"

"Ayi bambo, ndikupita ku tauni, kumene kuli makompyuta. Ndikuchita maphunziro a pa intaneti. Aphunzitsi athu ali kunja. Amaika funso Lolemba, ophunzirafe n'kumakambirana polemberana."

"Inuyo mumalemba liti?"

"Loweruka basi. Masiku enawa ndimaphunzitsa ana kuno. Ndikamafika, anzanga amakhala atamaliza kale. Ndimalemba maganizo anga kumapeto kwenikweni, koma palibe amandiyankha."

"Aphunzitsiwo sakudziwa za vutoli?"

"Ndinawafotokozera. Anangoti wochedwa kukambirana sakhoza."

"Nanga lero mukupitiranji?"

Mayiyo anayang'ana kumsewu.

"Kukawatsanzika. Mwina zimenezi ndiye ayankha."