Mbuzi Zobwereka za a Tcheyamani

Omvera anzanga, mbuzi zija ndinazitsegulira ndine, ndipo musadikire kuti ndipepese.

Ndine mnyamata wa Fomu 3, kwathu ndi kufupi ndi Mphunzi. M'mudzi mwathu muli bambo ena odzimva, a tcheyamani a kalabu ya mbuzi. Zawozo amazimanga miyendo ndi waya mpaka zilonda, koma pamsonkhano ankanyoza amayi anga kuti sadziwa kuweta.

Atamva kuti a bungwe losamalira ziweto akubwera kudzasankha mlimi wachitsanzo, anatsekera mbuzi zawo m'khitchini n'kukabwereka zonenepa kwa alamu awo. Ali mkati modzitama pamaso pa alendo, ine ndinazemba n'kusolola mipiringidzo ya khola. Mbuzi zonse liwiro, ulendo wa kwa mwini wake!

"Bambo, n'zanudi zimenezi? Bwanji zikulowera mudzi wina?" anafunsa mayi dokotala wa ziweto, mmodzi wa alendowo.

"Ndi kamwana ka Satana ako!" anakuwa a tcheyamani akundiloza.

Zam'khitchini nazo zinayamba kulira. Mayi aja anatsegula chitseko, anagwada n'kugwira mwendo wa imodzi.

"Musandiuze za minga. Uyu ndi waya, ndipo mwalowa kale mphutsi."

Anazitsuka zilonda anthu akuonerera, ndipo utcheyamani unathera pomwepo. Ineyo chisoni ndinamvera mbuzi zokha.

Akuluakulu anagamula kuti ndiwole manyowa m'khola mwa bambowo tchuthi chonse, ati ndinanyazitsa munthu wamkulu. Ndikuwola ndithu, uku ndikuimba mluzu. M'mawa uliwonse ndimayamba ndagwada mwaulemu n'kukweza mawu kuti ndi anansi amve: "Mwadzuka bwanji, a tcheyamani?"

Amangotsonya.