Mwendo Unabwerera, Dzanja Linatsala

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Kwa amene simundidziwa, ndine Gilisoni Phiri wa ku Senga Bay. Ndakalambira pa hotela, kusita zovala za alendo.

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, akazi anga a Nabanda anagwa akuyanika usipa. Mbali yakumanzere inafa. Kuchipatala anati ndi sitiroko, natibweza kunyumba. Chikalata chake ndili nacho. Ine sinditaya pepala.

Kunyumba anthu anachita zimene tonse timadziwa. Alamu anga anawiritsa madzi, naviika nsalu, nayamba kuthowa mwendowo. Ankafunsa kuti, "Akukuotchani, achemwali?" A Nabanda ankati ayi. Akanamva bwanji, mwendo utafa? Khungu linasupuka. Zitatero abale anati, "Basi, osawakhudzanso, angofunda." Tinawafunditsa. Mvula inagwa, mvula inatha, iwo ali chigonere.

Kenaka hotela inaitana mphunzitsi, mayi Chirwa, kuti aphunzitse antchito kutikita thupi, poti alendo ankazifuna. Ndinalembetsa, ine waimvi pakati pa atsikana. Masabata oyamba sitinakhudze munthu. Zinali za mafupa, za minofu, za mmene magazi amayendera. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Mayi, ine ndabwerera manja, osati choko."

Anaseka. "A Phiri, kodi malaya mumangowasita musanaone kuti ndi nsalu yanji? Nanga munthu ndiye mukufuna mumusite chisitesite?"

Ndinakhala pansi n'kumalemba. Posisita uzilozetsa kumtima. Malo otupa, otentha, usatikite. Amenewo ndi a chipatala. Madzi uyambe wawayesa pa mkono wako. Chiwalo chofooka chikasiyidwa osachipinda, osachiwongola, chimauma. Atanena zimenezi ndinaleka kulemba.

Ndinawapempha mayi Chirwa kuti akaone a Nabanda. Anagwira dzanja lakumanzere lija, zala zili zofumbata, nayesa kuzitambasula pang'onopang'ono. Anati, "Ili tachedwa nalo, bambo. Koma mwendowu ukadalipo."

Tachedwa nalo. Abale, mawu amenewo amandipwetekabe.

Nthawi yomweyo akuluakulu a mpingo uno anandiimitsa ukulu, ati mkulu wa mpingo sagwira matupi a anthu ku hotela. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa chimene ndinkaphunzira. Ena amene munasaina kalata yondiimitsayo muli pompano. Sindikutchulani.

Ine ndinapitiriza. M'mawa uliwonse, timafuta tophikira m'manja, kuyambira kuphazi kukwera kuntchafu. Kupinda bondo, kuwongola. Kupinda, kuwongola. A Nabanda ankati, "A Phiri, mwendo wangawu mwauyesa thalauza la mzungu?"

"Khalani chete inu, ndili pa ntchito."

Miyezi inapita popanda kanthu. Ndinkapemphera manja ali pa bondo lawo. Tsiku lina chala chachikulu cha kuphazi chinagwedera. Patapita nthawi anaima atagwira chitseko.

Ndikuthokoza Mulungu. Lero amayenda ndi ndodo, amafika okha kumsika. Koma dzanja silinatambasuke. Chitenje ndimawamanga ndine. Dzanjalo ndimalitikitabe, ngakhale ndikudziwa kuti tinachedwa nalo.

Mukakhala ndi wodwala wotere, musamuthowe ndi madzi amoto, musamufunditse n'kumusiya. Bwererani naye kuchipatala, mufunse. Ineyo ndiitaneni, ndidzakuonetsani pogwira.

A Nabanda, imani akuoneni. Ayi, achimwene, musawagwire. Aima okha.