Botolo limene ndinasomeka kudenga

Abusa, akuluampingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni, ndipo sindichedwa.

Khansa inandilanda sukulu, kenako inandilanda bambo. Ndinalekera Fomu 3. Amayi anamwalira kale, pakhomo tinali awiri, ndiye wodwazika akanakhala ndani? Anzanga akulemba mayeso, ine ndinali pamjigo kuchapa zofunda.

Bambo anga ambiri mumawadziwa. Ankasenza matabwa kuchokera ku Chambe. Ndili wamng'ono ndinkawadikira m'munsi mwa phiri. Akatula thabwa ankandikweza ine pamapewa, malaya awo akununkhira mkungudza. Munthu ameneyo ndi amene achipatala anatibwezera kunyumba, amvekere, "Kuchira sachira, koma asamamve ululu." Anatipatsa botolo la mofini kuti ndiziwamwetsa maola anayi aliwonse.

Ndiye munthu wina, ali muno, sindimutchula, anandikokera pambali. "Mwana iwe, amenewo ndi mankhwala omalizira. Ukawamwetsa, wawapha wekha." Ndinamvera. Botolo lija ndinakalisomeka kudenga la khitchini. Masabata atatu, abale. Masabata atatu bambo akubuula, mpaka ana anasiya kudutsa pakhomo pathu. Enanu munkamva muli panjira. Simunalowe. Musawerame, ndikungonena.

Tsiku lina anabwera anesi oyendera odwala m'makomo, pa njinga yamoto.

"Mankhwala ali kuti?"

"Anatha."

"Kanditengere botolo lopanda kanthulo."

Ndinabwera nalo lodzaza, lili mwaye wokhawokha. Ndinkadikira kukalipiridwa. Iwo anangokhala pamphasa n'kufunsa, "Bambo, inuyo mukufuna chiyani?" Bambo anati, "Ndigoneko basi, mayi." Anesi ananditembenukira. "Wamva? Odzawatenga ndi matendawa, osati iwe. Yeza wekha, ndikuyang'ana."

Ndinayeza n'kuwapatsa bambo. Anamwa, anagona. Masana onse ndinakhala ndikuyang'ana pachifuwa pawo, ngati pakukwera ndi kutsika. Dzuwa litapendeka anatsegula maso, amvekere, "Iwe, pakhomo pano kalongonda anathetsedwa?"

Sekani, nanenso ndinaseka. Mawa lake ndinamuwiritsa tsiku lonse, iwo n'kudya nyemba zinayi zokha.

Tinakhala masabata asanu ndi limodzi, ndipo masiku abwino ngati amenewo sindinawaonenso. Anesi ankabwera Lachiwiri lililonse. Anandiphunzitsa kuwatembenuza bambo kuti asatuluke zilonda, ndiponso ankafunsa ngati ine ndadya, funso limene panalibe wina anandifunsapo. M'mawa ndinkawabereka bambo kupita nawo panja. Ankati, "Wayamba kusenza matabwa nawenso? Koma thabwa lakoli ndi lofumbwa." Ankandilozera phiri, njira imene ankatsikira, pamene ankapumira, pamene anaterereka mvula ikugwa. Anayamba kundilankhula Chilomwe, chimene ndinkachita nacho manyazi kusukulu. Lero ndimachifuna, wondilankhula palibe.

Za botolo ndinawauza. Anati, "Ndinkadziwa. Ndiwe chitsiru. Koma unkaopa kutsala wekha, bwera undikande kumsana." Inathera pomwepo.

Anatisiya m'mawa, ali pamphasa panja, nkhope kuphiri, dzanja lawo lili m'dzanja langa. Sanabuule. Mwamva? Sanabuule.

Sindinena kuti mtima wanga wayera, ndinganame m'nyumba ya Mulungu. Ndikaona ana a yunifolomu pa Thuchila ndimadutsa mbali ina. Koma ndikuthokoza Yehova chifukwa cha anesi aja, amene anandituma kukatenga botolo. Ine ndinalanda bambo anga masabata atatu, Mulungu anatibwezera asanu ndi limodzi. Wina muno ali ndi wodwala kunyumba, mankhwala wabisa. Tikaweruka akawatsitse.

Kondwerani nane, abale. Amayi, lulutani, bambo anga anapita akugona bwino. Za sukulu ndamuuza kale Mulungu, ndipo ndikubwereza pamaso panu: kwatsala chaka ndi materemu awiri. Ndikudikira. Amen.