Kompyuta ya Mayi Nawal

Pamzere wolipirira m'sitolo ya makompyuta ku Cairo, Mayi Nawal anali atakumbatira pachifuwa kabokosi ka chipangizo cha kompyuta yamasewera. Bambo wina patsogolo pawo anatembenuka.

"Mayi, mwanayo mukanangomugulira kamakina kamasewera kolumikiza pa TV kaja. N'kotchipa."

"Kamatchipa tsiku logula lokha, bambo. Pogula sewero lililonse loikamo amakudulani khosi."

"Koma kompyuta yamasewera imadya malipiro a chaka chathunthu."

"N'chifukwa chake ndikugula chipangizo chimodzichimodzi. Ndilumikiza ndekha."

"Ndiye mwanayo azingodikira?"

"Mwana wake uti? Ndi yanga. Zaka zonsezi ana anga ankasewera, ine ndikungosuzumira, tsache lili m'manja. Amuna anga akuti siidzayaka n'komwe."

"Nanga ikapandadi kuyaka?"

"Ndidzamasula n'kuyambiranso. Sunthani bambo, mzere wayenda."