Wamasiye wa ku Biriwiri

Pa siteji ya Biriwiri, bambo wina wochokera ku Joni ankadikira minibasi, foni ikuimba m'thumba la malaya. Mayi wogulitsa kabichi anamuyang'ana cham'mbali.

"Bambo, tazimitsani kanyimbo kanuko."

"Ya Bizwell iyi, mayi! Ku Joni yavuta. Ku Tete ndiye osanena, anthu akuvina uku akulira."

"Kuno sitiimvera."

"Nsanje basi, Amalawife! Mwana wa konkuno watchuka m'mayiko a eni, koma kwawo ngakhale pa chigayo osamuimba."

"Mwamva zimene akunenazo?"

"Akulira mayi ake. Akuti anawaika m'manda mvula ikugwa, iye alibe ndi nsapato zomwe. Ine ndi ndevu zangazi ndinagwetsa misozi."

"Nsapato anali nazo. Zakuda, za kusukulu."

"Inu munaliko kumaliroko?"

"Sanandiitane. Ndinangoona achibale a ku Mozambiki atulukira ndi ufa pamutu, akulira kuyambira kumsewu. Anandipeza ndikuthirira kabichi."

"Iii! Ndiye kuti inuyo ndinu..."

"Malemuwo. Mukakamuona ku Joniko, mukamuuze kuti maliro akufuna feteleza. Nanga kabichiyu mugula, kapena mukuopa wa mzukwa?"