Nikotini Woyezedwa Kuchokera ku Maputo

Ine Osório, mphunzitsi wa Química ku Furancungo, ndinali nditakwera kale mota, njinga yamoto ya mlamu wanga Zacarias, kuti andifikitse pachitunda pomwe rede ya foni imagwira. Monografia yanga, kafukufuku womalizira maphunziro, inayenera kutumizidwa dzuwa lisanafike paliwombo, apo ayi digiri yanga ya licenciatura idikire chaka chamawa, koma pakamwa pangapa panalephera kupirira.

"Alamu, lero mwanyamula munthu wotulukira zinthu," ndinatero.

"Mwatulukira chiyani?"

"Nikotini wa mufodya. Kamolécula kake kamapindika mitundu iwiri. Computador yanga yapeza kuti wachiwiri ndi wokhazikika kuposa woyamba kutalitali. Dziko lonse silinazione!"

"Computador yomwe ija tinagwa nayo m'matope?"

"Inangoda galasi mbali imodzi. Mutu wake uli bwinobwino."

"Ndiye imati bwanji?"

"Imapereka manambala awiri. Nambala yoyamba, calor de formação, imayezedwa kuchokera pa carbono, hidrogénio ndi nitrogénio mmene zimapezekera. Yachiwiri, energia total, imayezedwa kuchokera pomwe tizidutswa ta maátomo tamwazikana kutali."

"Yoona ndi iti?"

"Onse awiri."

"Ndiye ina ikunama."

"Palibe ikunama! Tengani mudzi wa Chidzolomondo. Mukayeza kuchokera pano, ndi pafupi. Mukayeza kuchokera ku Maputo, ndi kutali. Mudzi ndi womwewo."

Zacarias anazimitsa mota n'kuponda pansi.

"Ku Maputo sindipita ine. Gasolina ndathira wa pachitunda basi."

"Ndani wati tikupita ku Maputo?"

"Inuyo."

"N'chitsanzo chabe!"

"Nanga nikotiniyo anafikako bwanji? Pa kabasi ka chapa?"

"Sanafikeko!"

"Ndiye anamuyeza ndani kumeneko?"

"Epá, alamu!" Ndinamenya chishalo. "Ndikuti pofanizira zinthu ziwiri uyeze zonse kuchokera pamalo amodzi. Ndi chitsiru chokha chomwe chingayeze mudzi uwu kuchokera pano, mudzi winawo kuchokera ku Maputo, n'kumakuwa kuti chatulukira..."

Apo ndinakumbukira manambala anga aja. Ndinatsika n'kutsegula computador pachishalopo. Pa mtundu woyamba ndinakopera calor de formação, kanambala kakang'ono ka ma kcal. Pa wachiwiri mzere umenewo unabisika kuseri kwa banga lakuda lija, ndipo ine, mwana wa mayi, ndinakopera womwe unkaoneka: energia total, chinambala cha ma eV masauzande. Mutu wonse womaliza wa monografia unakhala pamenepo. Manyazi anandigwira.

"Mwachipeza chitsirucho?" anafunsa Zacarias, akusuzumira pagalasi.

"Ndachipeza."

"Ndi cha kuno?"

"Cha pafupi kwambiri. Tibwerere kunyumba ndikakonze."

"Iai, taonani dzuwa! Komanso kunyumba simungalembe. Achemwali anga, akazi anuwo, apha kale tambala."

"Tambala wa chiyani?"

"Wa zotulukira zanu. Si mwawauza m'mawa? Aitana a director a pasukulu, a catequista a kutchalitchi ndi aphunzitsi anzanu onse. Akuti mufotokoze nokha mutaimirira."

Analiza mota n'kukuwira amayi omwe ankapita kumsika ndi madengu a nyemba: "Patukani! Ndanyamula wotulukira!"

Ndinakwera n'kumukoka malaya.

"Alamu, ku Maputo kuja... tikawonjezera gasolina, tingafike?"